Tiyeze mamega monga tiyezera chimanga

Abale ndi alongo a m'kooperativa, m'maphunziro apitawa tinaphunzira kuyeza munda, kuyeza feteleza ndiponso kulemba matumba olowa ndi otuluka m'nkhokwe ya gulu. Lero tiphunzira kuyeza chinthu chosaoneka ndi maso. Sichilowa m'lata, sichikwera pa sikelo ya kumsika. Koma timachigula ndi ndalama, ndipo chimatha. Chinthucho ndi mamega a intaneti.

1. Zimene zinatichitikira

Kuno ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, midzi ina netiweki ya foni siifika bwino. Ena amachita kukwera pachulu kuti aimbe foni. Chifukwa cha ichi, gulu lathu linasonkha ndalama za mbatata ndi nyemba. Tinagula mbale yokoka intaneti kuchokera kumwamba, sola ndi batire. Tinasankha kulipira mamega owerengeka pa mwezi.

Sabata yoyamba inali ya chimwemwe. Agogo ena analankhula ndi mwana wao wa ku Joni, akuonana nkhope. Koma mwezi usanafike pakati mamega anatha. Intaneti inayamba kuyenda ngati bilimankhwe. Masiku omwewo masamba a mbatata m'dimba la gulu anayamba kuda ndi kupserera. Tinafuna kutumiza zithunzi kwa alangizi, koma zithunzi zinakana kupita. Mnyamata wina anachita kupalasa njinga kukasaka netiweki.

Pa msonkhano panavuta. Bambo wina wachikulire anati: "Ndi anyamatawa! Usiku wonse ali pa mpira."

Mnyamata wina anayankha: "Pepani bambo, ife timaonera Loweruka lokha. Afunseni a mlembi, paja mbaleyo ili pafupi ndi nyumba yao."

Mayi wina anaimirira nati: "A wapampando, ine ndinasonkha mofanana ndi aliyense. Foni ndilibe. Ndinaimba kamodzi kokha, pa foni ya alamu anga. Tsono mwezi wa mawa ndisonkherenji?"

Palibe amene anatha kuwayankha mayiwo. Aliyense ankangoganizira mnzake. Panalibe nambala ngakhale imodzi yolembedwa. Tsiku limenelo gulu linatsala pang'ono kugawanika.

2. Intaneti ya kumwamba imayenda bwanji?

Setilaiti ndi makina amene anthu amaponya kumwamba ndi roketi kuti azizungulira dziko lapansi. Yoyamba inali Sputnik, imene dziko la Soviet Union linaponya mu 1957. Masetilaiti otibweretsera wailesi ya kanema ali kutali zedi, makilomita pafupifupi 36,000. Atsopano a intaneti ali pafupi. Mu 2019 kampani ya ku America yotchedwa SpaceX inayamba kuponya masetilaiti ambirimbiri otchedwa Starlink. Oyambirira mwa iwo anaikidwa pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550. Mtundawu ukufanako ndi ulendo wa pa msewu kuchokera ku Tete kukafika ku Beira. Iliyonse imazungulira dziko lonse pa ola limodzi ndi theka. Lero alipo zikwizikwi.

Mu Africa muno Starlink inayambira ku Nigeria mu Januwale 2023. Kuno ku Mozambique inayamba mu Juni 2023, italandira chilolezo kwa INCM, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Ku Malawi inafika mu Julaye, ku Zambia mu Okutobala, chaka chomwecho.

Uthenga umayenda motere. Umachoka pa foni kupita ku kabokosi kotchedwa rauta, popanda waya. Njira yopanda waya imeneyi ndiyo Wi-Fi. Rauta imapereka uthengawo ku mbale ya padenga. Mbale imauponya ku setilaiti. Setilaiti imautsitsa ku siteshoni ya pansi, ndipo kuchokera apo umapita kwa mwini wake. Yankho limabwera njira yomweyo. Chilichonse chodutsa pa mbale chimawerengedwa, chopita ndi chobwera chomwe.

3. Kodi mega ndi chiyani?

Pa chimanga tili ndi njere, kapu, lata ndi thumba. Pa intaneti napo pali miyeso inayi.

Baiti ndiyo njere. Chilembo chimodzi, monga A kapena M, chimalemera baiti imodzi.

Mabaiti 1000 ndi kilobaiti imodzi.

Makilobaiti 1000 ndi mega imodzi. Pa foni amalemba MB.

Mamega 1000 ndi giga imodzi. Pa foni amalemba GB.

Makina ena amawerenga 1024 m'malo mwa 1000, koma pa masamu athu 1000 ikwanira.

Tsopano taonani kusiyana kwa katundu. Phunziro lonse lino, litatumizidwa ngati mau olembedwa okha, silingakwane makilobaiti 20. Ndiye kuti mega imodzi itha kunyamula maphunziro otere 50. Kulankhula pa WhatsApp mphindi imodzi, osaonana nkhope, sikukwana mega imodzi. Chithunzi chojambula ndi foni chimalemera mamega awiri, atatu kapena kuposa, ngakhale WhatsApp imachichepetsa potumiza. Koma kanema ndiye wadyera. Kuonera kanema ola limodzi kungadye theka la giga. Akakhala wooneka bwino kwambiri amadya giga imodzi mpaka zitatu.

Choncho munthu amene walemba mauthenga tsiku lonse wadya pang'ono kuposa amene waonera mpira umodzi. Kukhalitsa pafupi ndi mbale si umboni wakuti munthu wadya kwambiri. Maso atinamiza. Tiyenera kuyeza.

4. Tipange zida zathu zoyezera

Vuto ili si lathu lokha. Ku America anthu a kumidzi akhala akugwiritsa ntchito intaneti ya setilaiti kwa zaka zambiri. Kampani ina ya kumeneko, HughesNet, inaika lamulo lakuti munthu akapyola muyeso wake, liwiro lichepe. Makasitomala ena odziwa makompyuta anadzipangira timapulogalamu towachenjeza muyeso usanathe. Ife kompyuta tilibe. Koma tili ndi kope, pensulo, rula, mabotolo ndi nyemba. Ndipo tsopano manambala timawadziwa.

Chida choyamba: kope la tsiku ndi tsiku

Kampani yogulitsa intaneti ili ndi sikelo yake. Sikeloyi imaoneka m'pulogalamu ya kampaniyo, pa foni ya munthu amene analembetsa mbale. Imasonyeza magiga onse amene adyedwa kuyambira tsiku limene mwezi wolipira unayamba. Chenjerani: mwezi wolipira suyamba pa 1 nthawi zonse. Funsani tsiku lake ndi kulilemba pachikuto cha kope.

Tengani rula. Jambulani zipinda zinayi pa tsamba. Pamwamba lembani: Tsiku, Nambala ya lero, Nambala ya dzulo, Kusiyana. Madzulo aliwonse, nthawi yomweyomweyo, werengani sikelo ndi kulemba. Kenaka chotsani nambala ya dzulo pa nambala ya lero. Tiyerekeze motere:

Lolemba: lero 12, dzulo 10, kusiyana 2.

Lachiwiri: lero 15, dzulo 12, kusiyana 3.

Lachitatu: lero 22, dzulo 15, kusiyana 7.

Nanga Lachitatu kunachitika chiyani kuti magiga 7 athe tsiku limodzi? Funsani m'mawa mwake momwemo, anthu asanaiwale. Mukadikira kutha kwa mwezi mudzangomva mikangano.

Chida chachiwiri: botolo la nyemba

Si tonse tafika pa masamu ochotsera. Koma botolo aliyense amaliona. Tiyerekeze kuti gulu lagula magiga 60 oti akwanire masiku 30. Ikani nyemba 60 m'botolo loonekera mkati. Nyemba imodzi ikuimira giga imodzi. Gawani 60 ndi 30. Yankho ndi 2. Ndiye kuti phoso la tsiku limodzi ndi nyemba ziwiri.

Poyamba ikani nyemba 30 zokha, mumange kaulusi pa botolo pamene zalekeza, kenaka muonjezere 30 zinazo. Madzulo aliwonse chotsani nyemba molingana ndi nambala ya m'chipinda cha Kusiyana, muziponye m'botolo lachiwiri. Nyemba zikatsika kupyola ulusi tsiku la 15 lisanafike, ndiye kuti tikudya mothamanga. Botolo likhale poonekera, kuti aliyense wolowa m'nyumba ya gulu alione.

Nzeru iyi si yachilendo. Mayi aliyense amasuzumira m'nkhokwe mu Okutobala kuti adziwe ngati chimanga chifika mu Febuluwale.

Chida chachitatu: tsamba la mafoni

Kope ndi botolo zimatiuza zimene gulu lonse ladya. Sizitiuza kuti wadya ndani. Apa itithandiza sikelo yaing'ono imene ili m'foni iliyonse ya Android. Tsegulani pamene pali chithunzi cha kagudumu ka manomano. Funani mau akuti Uso de dados kapena Utilização de dados. Foni ikakhala ya m'Chingerezi, mau ake ndi Data usage. Sankhani gawo la Wi-Fi, osati la simukhadi. Muona nambala ya MB kapena GB. Pafupi ndi nambalayo pali masiku amene awerengedwa. Onetsetsani kuti akugwirizana ndi mwezi wathu wolipira. Pansi pake pali maina a mapulogalamu, ndipo yodya kwambiri imakhala pamwamba.

Foni iliyonse ya m'gulu ilembedwe m'kaundula ndi kupatsidwa nambala yake: Foni 1, Foni 2, Foni 3. Pakutha pa mwezi mwini foni aonetse sikelo yake, a mlembi alembe. Kenaka phatikizani manambala a mafoni onse, muyerekeze ndi sikelo ya kampani. Masikelo awiriwa sagwirizana ndendende, ndipo kusiyana pang'ono si vuto. Koma ngati kampani ikuti 60, mafoni athu akuti 41, magiga 19 apita kuti? Ndiye kuti ilipo foni imene ikudya koma siinalembedwe.

Pali lamulo limodzi losasintha. Foni ikhale m'manja mwa mwini wake. A mlembi awerenge nambala yokha. Asatsegule mauthenga kapena zithunzi za munthu. Wa positi amayeza kulemera kwa kalata, koma saitsegula.

Chida cha mtsogolo: rauta ya matikiti

Gulu limene lili ndi kandalama ndi munthu wodziwa lingathe kuonjezera rauta yachiwiri, monga ya MikroTik, kampani ya ku Latvia. Rauta yotere imapatsa munthu aliyense nambala yake yolowera, ngati tikiti. Muyeso wake ukakwana imamutsekera yokha. Ndi chida chabwino, koma chikavuta chimafuna katswiri. Kope silifuna batire. Yambani ndi kope.

5. Anankafumbwe awiri

Titayeza mwezi umodzi, tonse tinachita manyazi. Mpira unadyadi gawo lake. Koma anankafumbwe akulu anali awiri, ndipo pa msonkhano uja palibe amene anawatchula.

Woyamba anali mafoni enieniwo. Foni ikapeza Wi-Fi imayesa kuti yafika pa phwando laulere. Imayamba kukoka yokha zokonzanso mapulogalamu ake ku Play Store. Imatsitsa yokha makanema ndi zithunzi zonse zotumizidwa m'magulu a WhatsApp. Ina imatumiza zithunzi zake zonse kukasungidwa kutali. Ambiri a ife timasiya mafoni pa chaja m'nyumba ya gulu popita kumunda. Ife tili kalikiliki kupalira, foni ili kalikiliki kudya.

Ngakhale foni ya bambo aja amene anadzudzula anyamata inapezeka pakati pa zodya kwambiri. Iwo sankadziwa kanthu. Ataona nambalayo anaseka nati: "Kani mbava ndimayenda nayo m'thumba langa lomwe!" Anapepesa kwa anyamata pamaso pa onse.

Mankhwala ake ndi awa. Mu WhatsApp, tsekani kutsitsa makanema kokha, kuti kanema atsike pokhapokha mwamukhudza. Mu Play Store, uzani foni kuti isakonze mapulogalamu yokha. Mafoni ambiri amalolanso kuwauza kuti Wi-Fi iyi ndi yoyezedwa: funani mau akuti limitada kapena Metered. Poonera kanema pa YouTube sankhani nambala yaing'ono, monga 240 kapena 360. Mukasiya foni pa chaja, zimitsani Wi-Fi. Koma kukonza mapulogalamu musakuleke mpakampaka, chifukwa kumateteza foni kwa akuba. Chitani zimenezi kumapeto kwa mwezi, nyemba zikatsala m'botolo.

Nankafumbwe wachiwiri anali mau achinsinsi olowera pa Wi-Fi, amene ambiri timati senha. Wina anauza mlamu wake. Mlamuyo anauza mnzake wa pa bawo. Posakhalitsa, ana a sukulu ndi odutsa m'njira ankaima kuseri kwa nyumba ya gulu ngati akupuma. Pulogalamu ya kampani imasonyeza mafoni amene alumikizidwa nthawi imeneyo. Titawawerenga anali ambiri kuposa a m'kaundula. Tsopano senha timaisintha mwezi uliwonse, ndipo oyeza amailemba okha m'foni ya membala.

6. Malamulo amene tinagwirizana

Loyamba: ntchito za gulu zikhale patsogolo. Izi ndi kufunsa alangizi, kumva mitengo ya mbatata, nyemba ndi chimanga ku Furancungo, ku Ulongué ndi ku Tete ogula asanafike, ndiponso kumva za nyengo kuchokera ku INAM, bungwe la boma loona za nyengo. Tikukumbuka namondwe Ana wa mu Januwale 2022, amene anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Uthenga wochenjeza ndi wopepuka, koma umafuna kuti njira ikhale yotseguka. Choncho pa nyemba khumi zilizonse timapatula ziwiri m'kabotolo kena. Izi sizikhudzidwa popanda chilolezo cha komiti.

Lachiwiri: sonkho ligawidwe pawiri. Gawo lina nlofanana kwa onse, poti mbale ndi ya tonse. Gawo lina munthu alipire molingana ndi nambala ya foni yake.

Lachitatu: amene alibe foni agwiritse ntchito foni ya gulu. Tsiku ndi nthawi yao zilembedwe pakhoma. Amayi ndi okalamba asakhale omalizira.

Lachinayi: oyeza akhale awiri, bambo ndi mayi, ndipo azisinthana ndi ena mwezi uliwonse. Potero aliyense aphunzira, ndipo palibe amene aganiziridwa.

Lachisanu: kope likhale poyera. Membala aliyense ali ndi ufulu wolitsegula ndi kuwerenga.

Lachisanu ndi chimodzi: mpira sitinaletse. Okonda mpira aonere pamodzi pa foni imodzi ndi kusonkherana. Anthu khumi oonera pa foni imodzi amadya ngati munthu mmodzi.

7. Nanga mamega akakhala opanda malire?

Anzathu ena a ku Tsangano angafunse kuti: "Ife pangano lathu ndi la intaneti yopanda malire. Tiyezerenji?" Zoona, mapangano otere alipo. Werengani bwino pangano lanu kuti mudziwe limene muli nalo. Koma kuyeza kukufunikabe pa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi liwiro. Intaneti ili ngati madzi a mu ngalande ya kudimba. Mmodzi akatsegula kwambiri kumtunda, a kumunsi amalandira pang'ono.

Chachiwiri ndi magetsi. Mbale yaikulu ya Starlink imadya mawati 75 mpaka 100. Yaing'ono, yotchedwa Mini, imadya 25 mpaka 40. Nthawi ya dzinja, mitambo ikachuluka, sola siidzaza batire. Choncho onjezerani chipinda china m'kope, muzilemba ola loyatsa ndi ola lozimitsa.

Chachitatu ndi chilungamo pa sonkho. Wodya kapu asalipire mofanana ndi wodya thumba.

Dziwaninso ichi: kusonkherana m'gulu ndi kwina, kugulitsa intaneti kwa anthu a kunja ndi kwina. Musanayambe kugulitsa, werengani pangano la kampani ndi kufunsa malamulo a INCM.

Mayi aja amene anafunsa kuti asonkherenji sanachoke m'gulu. Mwezi uno ndiwo mmodzi wa oyeza. Chaka chatha ankasokoneza 6 ndi 9. Tsopano madzulo aliwonse amalemba nambala m'kope, amachotsera okha, ndi kuponya nyemba m'botolo lachiwiri. Wina akafuna kukangana, iwo amangoti: "Bwerani achimwene, tiwerenge limodzi."

Mau atsopano

Werengani mokweza, kenaka mulembe m'kope lanu katatu: setilaiti, rauta, mega, giga, senha, kusiyana, kaundula.

Mafunso

1. Kodi giga imodzi ili ndi mamega angati?

2. Chimadya mamega ambiri nchiyani: uthenga wolemba, kuimba foni kapena kanema?

3. Tchulani anankafumbwe awiri amene anapezeka m'gulu lija.

4. Chifukwa chiyani a mlembi sayenera kutsegula mauthenga a munthu?

5. Kodi m'gulu lanu alipo amene amasonkha koma sapindula? Mungawathandize bwanji?

Masamu

1. Dzulo sikelo inali pa 27. Lero ili pa 31. Magiga angati adyedwa?

2. Gulu lagula magiga 90 a masiku 30. Phoso la tsiku limodzi ndi nyemba zingati?

3. Foni 1 yadya magiga 6. Foni 2 yadya 11. Foni 3 yadya 4. Foni 4 yadya 9. Phatikizani. Sikelo ya kampani ikuti 38. Magiga angati sakudziwika kumene apita?

4. M'botolo munali nyemba 60. Pa tsiku la 15 mwatsala 18. Kodi tadya bwino kapena mothamanga? Masiku 15 otsalawo tingadye nyemba zingati pa tsiku kuti tifike?

Ntchito ya sabata ino

Tikakumana ulendo wotsatira, aliyense abwere ndi tsamba lojambulidwa zipinda zinayi. Amene muli ndi foni, pezani sikelo yake, mulembe nambala yake ndi dzina la pulogalamu imene ili pamwamba. Amene mulibe foni, khalani pafupi ndi mnzanu muwerenge naye. Ngati gulu lanu lilibe mbale, yezani mamega a bandulo amene mumagula pa simukhadi. Njira yake ndi yomweyi. Musaiwale mabotolo awiri ndi nyemba zodzaza dzanja.